Kugula Munda Nkhondo Ili Pakhomo

Werengani: Yeremiya 32:1-25, Mlaliki 11:1-6, Mateyu 25:14-30



Masabata apitawa, titaweruka m'kachisi kuno ku Ntengo-Wambalame, mkulu wina wa mpingo anandikokera pambali kuti andiuze za kukhosi. Chaka chino mbatata ya kachewere inamuchitira bwino, ndipo atagulitsa ku Lizulu anatsala ndi kangachepe m'thumba. Mwana wake wamwamuna akumuumiriza kuti agule mbande za paini adzale kumtunda kwa munda, ndiponso kuti awonjezere thadzi limodzi m'khola. Koma iye anati: "Abusa, mtima wanga ukukana. Ndidzale mtengo wodikira zaka makumi awiri, ine wosadziwa za chaka chamawa? Mmene zinthu zikuyenderamu, ndikuganiza zogulitsa ndi ng'ombe ziwiri zimene ndili nazo, ndalama ndizisunge pafupi. Zikavuta, ndalama umathawa nayo. Mtengo suthawa nawo."

Sindinamuyankhe msanga. Funso lake ndi la ambiri a ife, ngakhale ena sitilitulutsa pakamwa. Ndiye mwezi uno tiyeni tilingalire pamodzi zimene mantha amachita mu mtima wa munthu akafuna kusungira mawa, ndi zimene Mawu a Mulungu akutiphunzitsa pa nkhaniyi.

Mantha athu ali ndi mizu

Tisayambe ndi kudzudzula. Munthu wa ku Tsangano kapena ku Macanga akamaopa za chuma, pali zimene anaona.

Akuluakulu akukumbukira tsiku la 16 June 1980, pamene ndalama ya eskudo inachotsedwa n'kubwera metikali. Pambuyo pake kunagwa nkhondo. Midzi inatha, makola anatsekulidwa ndi eni mfuti, ndipo anthu oposa miliyoni imodzi a dziko lino anakabisala ku Malawi, ambiri a kuno kwathu m'maboma a Ntcheu ndi Dedza. Mtendere unasainidwa ku Roma pa 4 October 1992, koma obwerera anapeza mabwinja ndi tchire. Mu July 2006 ndalama inasinthidwanso, mametikali 1,000 akale n'kusanduka metikali imodzi yatsopano. Ngakhale kunali kungochotsa maziro atatu, ambiri kumudzi anagona osatseka maso poganiza kuti chuma chawo chadyedwa. Mu 2015 ndi 2016 mfuti zinalirakonso m'chigawo chathu cha Tete, mabanja ena n'kuthawira ku Kapise m'boma la Mwanza. Chaka chomwecho cha 2016 kunaululika ngongole zobisika za boma, zokwana pafupifupi madola mabiliyoni awiri, ndipo metikali inagwa kwambiri. Mu November 2023 kwacha ya ku Malawi inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti tsiku limodzi, ndipo ife amene timagulitsa mbewu zathu m'misika ya m'malire tinamva kuwawa kwake. Chisankho cha mu October 2024 chitachitika kunabuka zipolowe m'dziko, misewu n'kumatsekedwa, malonda n'kuima.

Munthu amene waona zonsezi m'moyo umodzi sangauzidwe mwachibwana kuti asaope. Ine ndemwe ndinawoloka malire ndili kamnyamata, nditasenza kamtolo, ng'ombe za bambo anga zitatsala m'manja mwa anthu osawadziwa. Titabwerera kwathu nkhondo itatha, bambo analumbira kuti sadzawetanso ng'ombe. Ankalima zokhazo zokolola msanga, ndipo ndalama ikapezeka ankaidya nyengo yomweyo. Anakhala zaka zambiri pambuyo pake, mu mtendere, khola lili gwa. Sindikuwaweruza, pakuti bala lawo linali lalikulu. Koma lero ndikayang'ana m'mbuyo ndimaona kuti nkhondo inawalanda kawiri. Poyamba inawalanda ng'ombe zimene anali nazo. Kachiwiri, kudzera m'mantha, inawalanda ng'ombe zimene akanakhala nazo m'zaka zonse za mtendere zija. Kulanda kwachiwiriku kunachitika popanda mfuti, ndipo ndi kumene ndikufuna tikuchenjerere.

Zimene mantha amachita mu mtima

Choyamba, mantha amafupikitsa maso. Munthu wamantha amaona lero lokha, n'kumadzitonthoza ndi mwambi uja wakuti fodya wako ndi amene ali pamphuno. Mwambiwu uli ndi malo ake, koma ukasanduka lamulo la moyo wonse, palibe amene angadzale mtengo, kulipirira mwana sukulu, kapena kusiya chimanga m'nkhokwe kufikira January. Timagulitsa pa mtengo wolira nthawi yokolola, n'kudzagulanso chimanga chomwecho pa mtengo wokwera nthawi ya njala.

Chachiwiri, mantha amakulitsa chithunzi cha kutaya. Akatswiri awiri a maganizo a munthu, Daniel Kahneman ndi Amos Tversky, analemba mu 1979 zotsatira za kafukufuku wawo wa mmene anthu amasankhira zinthu pakakhala chiopsezo. Anapeza kuti kuwawa kwa kutaya chinthu kumaposa kukoma kwa kupeza chinthu cha mtengo womwewo, ndipo kafukufuku wawo wapambuyo pake anaonetsa kuti kumaposa pafupifupi kawiri. Ife alimi tikuzidziwa popanda sukulu. Mbuzi imodzi ikafa timailira chaka chonse, koma ana a mbuzi asanu amene anabadwa m'khola lomwelo sitiwawerenga. Chifukwa cha ichi munthu amatha kusiya ntchito yopindulitsa kaamba ka tsoka limodzi.

Chachitatu, mantha amapatsirana ngati chimfine. Mphekesera ikangomveka pa msika kapena pa lamya, aliyense amathamangira kumene anzake akuthamangira. Taonani zimene zinachitika mu 2016. Kumayambiriro kwa chakacho dola imodzi inkagulidwa ndi mametikali pafupifupi 45. Pofika mu October inali itayandikira 80. Amene anachita phuma n'kusintha ndalama zawo zonse pa nthawi imeneyo, poganiza kuti metikali yatheratu, anadzaona dola ikubwerera pafupifupi pa 60 m'chaka cha 2017. Anagula pa mtengo wa mantha, ndipo anataya. Chimodzimodzi ndi ziweto: mudzi wonse ukagulitsa ng'ombe sabata imodzi, wopindula ndi wogula.

Chachinayi, ndipo ichi ambiri sachizindikira, mantha ndi amene amabala phuma lofuna kulemera msanga. Munthu akakhulupirira kuti mawa kulibe, amafuna phindu lonse lero. Apa ndi pamene amagwera m'manja mwa anthu olonjeza kuchulukitsa ndalama kawiri pa mwezi, m'juga za pa lamya zimene zikumaliza achinyamata athu, ndi m'ngongole za katapila. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Wokwirira ndalama pansi ndi woitaya ku juga amaoneka osiyana, koma onse awiri akudwala nthenda imodzi: sakhulupirira kuti kudikira kungabale kanthu.

M'fanizo la matalente pa Mateyu 25, kapolo amene anakumba pansi n'kubisa ndalama ya mbuye wake sanali wakuba, ndiponso sanaiwononge. Atafunsidwa, chifukwa chimene anapereka chinali mantha. Iye ankayesa kuti wasankha njira yopanda ngozi, koma mbuye wake anamuwerengera kuti wataya. Ndalama yogonekedwa pansi pa mphasa nayonso imatha, ngakhale palibe waigwira. Mitengo ya feteleza, sopo ndi malata ikamakwera, iyo imafwota mwakachetechete. Amene anasunga makwacha m'chitini mu 2023 anadzuka m'mawa mapepala ali omwewo, koma mphamvu yake itachepa. Kusachita kanthu nakonso kuli ndi mtengo wake.

Mneneri amene anagula munda ali m'ndende

Tsopano titsegule Yeremiya 32. Chinali chaka chakhumi cha ufumu wa Zedekiya. Ankhondo a ku Babulo anali atazinga Yerusalemu, ndipo Yeremiya anali wotsekeredwa m'bwalo la alonda chifukwa cholalikira kuti mzindawo udzagwa. Pa nthawi yotereyi kunafika Hanameli, mwana wa mbale wa bambo ake, kudzamutsatsa munda wa ku Anatoti, mudzi wa kwawo. Taganizirani. Munda uli kunja kwa linga, m'dziko limene adani akuliponda. Wogula ali m'ndende. Ndipo wogulayo ndi yemweyo amene akudziwa koposa onse kuti dziko likupita ku ukapolo. Mwa nzeru za pa msika, panalibe malonda opusa kuposa amenewa.

Koma Yeremiya, pomvera Mulungu, anagula. Anayesa masekeli 17 a siliva pa sikelo, analemba makalata a umwini, anaitana mboni, ndipo anapereka makalatawo kwa Baruki kuti awasunge mu mbiya yadothi kuti akhale nthawi yaitali osawonongeka. Chifukwa chake chinali lonjezo la Mulungu lakuti tsiku lidzafika pamene moyo udzabwerera m'dzikomo, anthu n'kumagulanso malo okhala ndi olima.

Pali zinthu zitatu zoti tizione apa. Poyamba, Yeremiya sanadzinamize kuti zinthu zili bwino. Sananene kuti nkhondo ndi mphekesera chabe. Chikhulupiriro chake chinayang'ana zoopsazo maso ndi maso, n'kuonanso kupyola pamenepo. Kachiwiri, iyenso mtima unamugunda. Werengani pemphero lake kuyambira ndime 16: atatha kugula anapita kwa Mulungu kukadandaula kuti wamulamula bwanji kugula munda mzinda uli pafupi kugwa. Mantha anali nawo, koma anawatengera ku pemphero m'malo mowalola kuti amulamulire. Kachitatu, anachita zinthu mwadongosolo: sikelo, makalata, mboni, mbiya. Kukhulupirira Mulungu sikunamuchititse kukhala wosasamala.

Ndipo tinene zoona zonse. Yerusalemu anagwadi, ndipo Yeremiya anatengedwa kupita ku Ejipito. Baibulo silitiuza kuti anadyako zipatso za munda uja. Anagulira anthu amene anali asanabadwe. Mneneri yemweyu, m'chaputala 29, analembera kalata amene anali kale ku ukapolo kuwalangiza kuti amange nyumba ndi kulima minda kumeneko, ngakhale ukapolowo unali woti utha zaka 70. Mulungu safuna kuti anthu ake aimike moyo podikira nthawi yopanda mavuto, pakuti nthawi yoteroyo siinafikepo pa dziko lino. Mlaliki 11:4 akutichenjeza za mlimi amene amangoyang'ana kumwamba kudikira nyengo yabwino kotheratu: ameneyo nyengo yodzala imamupitirira.

Nanga tichite chiyani?

Kuno kwathu sitigula magawo a makampani monga amachitira a m'mizinda ikuluikulu. Chuma chathu chokhalitsa ndi khola, mitengo, dimba lothirira, nyumba ya malata, ngolo, ndi maphunziro a ana. Koma mtima wofunika ndi umodzimodzi. Ndikupatsani malangizo asanu.

Loyamba: yambani ndi nkhokwe. Yosefe ku Ejipito anasunga gawo limodzi mwa magawo asanu a zokolola m'zaka za dzinthu (Genesis 41). Banja limene lili ndi chakudya chofika nacho ku zokolola zina, ndi kandalama kapadera ka matenda ndi maliro, silikakamizika kugulitsa thadzi pa mtengo wotaya. Chilala cha mu 2016 ndi cha mu 2024 chinatikumbutsa kuti zaka sizifanana. Kawirikawiri chimene chimapha chuma chokhalitsa ndi vuto ladzidzidzi limene lapeza m'nyumba mulibe kanthu.

Lachiwiri: gawani. Mlaliki 11:2 amalangiza kugawa chuma m'malo angapo, popeza sitidziwa tsoka lidzalowera kuti. Kachewere amakupatsa ndalama m'miyezi itatu kapena inayi, koma chiwawu chikagwa kapena msika ukadzaza, watha. Fodya wa abale athu a ku Furancungo amabweretsa ndalama kamodzi pa chaka, ndipo mtengo wake sauika ndi mlimi. Mbuzi imaswa pakatha miyezi isanu, ng'ombe pakatha miyezi isanu ndi inayi. Bulugama amapereka milimo ndi mapaso m'zaka zochepa, paini amafuna zaka zambiri asanacheke matabwa. Mukhale ndi china cha miyezi, china cha zaka zochepa, china cha ana anu. Chimodzi chikagwa, zinazo zimakuchirikizani, ndipo mtima sugunda kwambiri. Ife a m'malire tiwonjezerepo ichi: tisasunge chuma chonse m'ndalama ya mtundu umodzi, ndiponso tisachisunge chonse m'mapepala.

Lachitatu: chitani pang'ono koma mosalekeza. Miyambo 13:11 imayamikira chuma chosonkhanitsidwa pang'onopang'ono, ndipo makolo athu anati pang'onopang'ono ndi mtolo. Mametikali 50 pa sabata amakwana 2,600 pa chaka. Mbande 50 pa dzinja lililonse, ngakhale zina zife, ndi nkhalango pakatha zaka khumi. Ubwino wa chizolowezi ndi wakuti sichifunsa mmene mtima ukumvera sabata imeneyo. Ichi ndi chifukwa chake magulu a banki m'khonde ndi chipereganyu amathandiza amayi ambiri: tsiku losonkha likafika umasonkha, kaya wamva mphekesera kaya ayi. Koma gulu likhale la anthu odziwana, kaundula akhale poyera, ndipo chiwongoladzanja chisakhale cha katapila.

Lachinayi: ikani makalata anu mu mbiya. Ndikutanthauza kuti mugwirizane zinthu mtima uli m'malo, ndipo muzilembe. Bambo ndi mayi akhale pansi pamodzi, anene kuti ng'ombe iyi ndi ya sukulu ya mwana, siigulitsidwa pa chifukwa china. Mitengo iyi siidulidwa zisanakwane zaka zakuti. Ana akuluakulu adziwe. M'dziko lathu nthaka ndi ya boma ndipo siigulitsidwa, koma ufulu wougwiritsa ntchito malo umazindikirika ndi lamulo, ndipo chikalata cha DUAT chimathandiza pakabuka mkangano wa malire. Amene akudzala mitengo ya zaka zambiri achite bwino kulongosola za malowo pamaso pa mfumu ndi mboni. Amasiye ambiri alandidwa chuma chifukwa zonse zinali m'mutu mwa malemu.

Lachisanu: musagamule nkhani yaikulu tsiku limene mwamva mbiri yoopsa. Dziikireni lamulo lakuti padutse sabata imodzi musanagulitse chinthu chimene munachisunga zaka. M'sabatayo pempherani, funsani munthu wodziwa amene alibe phindu pa malonda anuwo, ndipo fufuzani ngati mbiriyo ndi yoona. Mphekesera zambiri sizikhala masiku asanu ndi awiri. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Chenjezo kwa osunga

Wina angamve ngati ndikulalikira kuti chipulumutso chili m'khola. Ayi ndithu. Ambuye Yesu pa Luka 12 anasimba za mwini chuma amene anakulitsa nkhokwe zake n'kudziuza kuti tsopano wafika, koma usiku womwewo moyo wake unafunidwa. Kulakwa kwake sikunali kumanga nkhokwe, pakuti Yosefe anamanganso. Kulakwa kwake kunali kuika mtima wake m'nkhokwemo, osaganizira Mulungu kapena mnansi. Paulo pa 1 Timoteo 6 akuchenjezanso olemera kuti asatsamire pa chuma, popeza n'chosadalirika, koma akhale okonzeka kugawana ndi ena.

Sindingakulonjezeni kuti mukadzala mitengo moto wolusa sudzalowamo, kapena kuti matenda sadzagwa m'khola. Sindingakulonjezeni kuti dziko silidzagwedezekanso. Chimene ndikudziwa n'chakuti Mkhristu ali ndi chifukwa chodekhera chimene ena alibe. Moyo wake sunapachikidwe pa ng'ombe kapena pa metikali. Chuma chikatayika, iye sanatayike. Munthu wotere angathe kudzala modekha, kudikira modekha, ngakhale kutaya osasweka mtima, n'kuyambiranso. Angathenso kupereka chakhumi ndi kuthandiza wamasiye osaona ngati akudzibera. Yakobo 5:7 akutipatsa mlimi ngati chitsanzo cha kuleza mtima, ndipo ife alimi tiyenera kukhala oyamba kumvetsa.

Chaka chimene tinabwerera kuchokera ku Malawi, nkhalamba ina ya m'mudzi mwathu inayamba kudzala bulugama m'mbali mwa bwinja lake, nyumba yeniyeni isanamange n'komwe. Anthu ankaiseka kuti mtenderewu sudziwika ngati ukhalitsa. Nkhalambayo inamwalira kalekale. Koma pamene tinkafolera kachisi wa kumudziko, mitengo ya denga inachokera m'nkhalango yake, ndipo adzukulu ake aphunzira ndi ndalama za mitengo yomweyo. Iyo ndi bambo anga anathawa nkhondo imodzi, anabwerera chaka chimodzi, ndipo onse anali ndi mantha. Kusiyana kwake n'kwakuti mmodzi analola mantha kumugwira dzanja, winayo anadzala mantha ali nawo.

Mkulu wa mpingo uja ndinamuuza zimenezi. Ndinamulangiza kuti ayambe waona ngati nkhokwe yake ifika ku zokolola, asunge kandalama kapadera, ng'ombe azisiye m'khola, ndipo mbande agule zochepa zimene angathe kuzisamala chaka chino, zina chaka chamawa. Anati akakambirana ndi mayi a kunyumba. Mvula yayandikira, ndipo nyengo yowokera mitengo siidikira munthu. Funso limene ali nalo iye lili kwa inunso: kodi ndi munda uti wa ku Anatoti umene mwakhala mukuukana chifukwa cha mantha? Mwina ndi mwana wamkazi amene mukuzengereza kumubwezera ku sukulu. Mwina ndi khola limene linagwa nthawi ya nkhondo ndipo simunalimangenso. Kambiranani m'banja sabata ino, ndipo mulipereke kwa Ambuye.

Tipemphere: Atate wathu wakumwamba, Inu mukudziwa zimene maso athu anaona ndi zimene mitima yathu ikuopa. Tichiritseni mabala akale. Tipatseni nzeru yosunga, kuleza mtima kodikira, ndi manja otambasuka kwa osowa. Tithandizeni kukhala adindo okhulupirika pa zochepa zimene mwatisungitsa, chiyembekezo chathu chili pa Inu nokha. M'dzina la Yesu Khristu, Amen.

Ambuye akudalitseni nonse kufikira tidzakumanenso pa tsamba lino mwezi wamawa.